Kodi Dziko Lonse Lasanduka Tawuni?

Cha m'ma 2008, bungwe la United Nations lidalengeza kuti anthu okhala m'matawuni aposa theka la anthu onse padziko lapansi. Atolankhani ndi andale adaulandira uthengawu ngati mawu a m'Buku Loyera. Koma chiwerengerocho n'chophatikiza nyemba ndi miyala. Ku Denmark, malo a anthu 200 amatchedwa tawuni, pamene ku Japan pamafunika anthu 50,000. Kuwonkhetsa zinthu zosiyana chonchi n'kudzinamiza.

Akatswiri awiri, Neil Brenner ndi Christian Schmid, adatsutsa kawerengedwe kameneka mu 2014, ndipo apa adalasa. Potsatira ganizo limene Henri Lefebvre wa ku France adalemba mu 1970, iwo akuti tawuni simathera pamene nyumba zathera. Mgodi, doko, njanji ndi munda waukulu wodyetsa anthu akutali zonse ndi mizu ya tawuni. Munthu wa ku Lilongwe safuna pulofesa kuti amvetse zimenezi. Angoona njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowa mumzinda m'mamawa kuchokera kunkhalango ya Dzalanyama, eni ake akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu. Nkhalango ija ikutha chifukwa cha mbaula za ku Kawale ndi ku Area 25, ngakhale kalembera wa 2018 adati Amalawi 16 okha pa 100 alionse ndiwo amakhala m'matawuni.

Pamene akuluakuluwa aphonya ndi ponena kuti kunja kwa tawuni kulibenso. Ganizoli likumeza mudzi wamoyo, ndi mafumu ake, manda ake ndi minda ya makolo, n'kuusandutsa khonde la mzinda. Mbiri ya Zambia ikukana. Mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, ntchito za m'migodi ya ku Copperbelt zidayamba kutha, ndipo Deborah Potts adaonetsa kuti gawo la anthu a m'matawuni lidatsika, kuchoka pa anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse mu 1980 kufika pa 35 mu 2000. James Ferguson, m'buku lake la 1999, adatsatira anthu opuma pantchito za m'migodi amene ankabwerera kumudzi, ena kukapeza abale owalandira mozizira chifukwa sankatumiza kalikonse. Mudzi udali ndi malamulo ake, ndipo udawaweruza.

Matenda oyeza malo onse ndi muyeso umodziwa ndi akale. Ernest Burgess adajambula Chicago mu 1925, dziko lonse n'kuyamba kuyezedwa ndi Chicago. Saskia Sassen mu 1991 adakweza New York, London ndi Tokyo, Lagos ndi Kinshasa n'kukhala ngati mizinda yolephera mayeso. N'chifukwa chake Jennifer Robinson, wochokera ku South Africa, adalimbikira mu 2006 kuti mzinda uliwonse ungabale nzeru zofotokozera mizinda ina. AbdouMaliq Simone, ataona moyo wa pakati pa Johannesburg, adaonetsa kuti pamene boma lalephera, anthu eniake ndiwo amagwira ntchito ya mapaipi ndi misewu, kudzera m'maubale ndi timabizinesi tawo.

Ophunzitsa za mapulani a mizinda m'mayunivesite a kuno aleke kuyamba phunziro ndi Chicago. Ayambe ndi Ndirande, Kanyama ndi Kitwe, ndipo a Brenner abwere pambuyo ngati mboni imodzi mwa zambiri.