Duwa Lokana Dothi

Anzanga a pamsika, makamaka inu ogulitsa maluwa a m'miphika ku Limbe ndi m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe, sabata ino tikambe za duwa lotchedwa orchid. Musathawe dzina lachizunguli. Chinaka chija, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda, chimachokera ku timbatata ta maluwa a mtundu womwewu. Malawi muno muli mitundu yoposa 400, ndipo ku Nyika kokha iliko yoposa 200.

Nkhani ili apa. Mitundu imene mabwana amaifuna pakhonde, monga Ansellia africana wa mawanga ngati kambuku, imamera pamitengo, osati pansi. Mizu yake imafuna mpweya. Inu mukaikwirira m'dothi la kudimba, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo ngati mpiru, mizu imaola. Mpamba wapita, kasitomala naye sabweranso!

Chonsecho zofunika n'zotchipa: makungwa a paini, makala ophwanyaphwanya, ndi mphika wa zibowo zambiri. Thirirani m'mawa, ndipo musathirirenso mpaka makungwawo ayambe kuuma. Madzi a mvula ndiwo eni ake. Feteleza akhale wosungunula m'madzi, pang'ono pokha, chifukwa wochuluka amawotcha mizu. Ikani powala: mumdima duwali silimasula, pomwe dzuwa lamasana la mu Okutobala limatha kupsereza masamba.

Nanga mbewu muitenga kuti? Apa mpomwe ambiri akulakwa. Anyamata akumakanganula maluwawa m'nkhalango, ena akukumba chinaka mosasiyako ndi kamodzi komwe. Mukakumba mbatata yake, chomeracho mwapha. Ku Tanzania anafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa. Dziwaninso kuti kuzula chomera m'paki ndi mlandu, ndipo pangano la CITES limafuna chilolezo ngati mukutulutsa orchid kunja kwa dziko. Musanamizidwe ndi wokuuzani kuti mungobisa m'chikwama popita ku Joni.

Njira yolongosoka ndi kugawa phata limene lakula kale pakhomo. Dulani ndi mpeni woyera, chigawo chilichonse chikhale ndi mapesi atatu kapena anayi. Chingakutengereni chaka kapena ziwiri kuti chimasule, koma simudzafunanso kupita kutchire.

Iyi si geni ya tomato yoti mwapikula m'mawa, madzulo mwawerenga phindu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tionana sabata yamawa.