REINILDO MANDAVA: MLONDA WA KUMBUYO AMENE ADATSEGULA KHOMO LA ENGLAND

M'mwezi wa July chaka cha 2025, timu ya Sunderland idalemba ntchito Reinildo Mandava, ndipo iye adakhala mwana woyamba wa dziko la Moçambique kusewera mu ligi yaikulu ya ku England. Ambiri mwa inu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mudamva nkhaniyi pa wailesi, ena mudamuona pa kanema m'misika ya m'malire. Koma kodi ulendo wake ukutiuza chiyani ife akumudzi?

Reinildo adabadwira ku Beira pa 21 January 1994. Adayamba kutchuka ku Ferroviário da Beira, kenaka adasewerako ku Maputo, asanatengedwe ndi Benfica ya ku Portugal. Kumeneko zinthu sizidamuyendere msanga. Sadalowe m'timu yaikulu ya Benfica ayi. Adabwerekedwa ku matimu ang'onoang'ono a Fafe ndi Covilhã, ndipo mu 2018 adapita ku Belenenses. Anyamata ambiri amagwa ulesi pa nthawi yotere nabwerera kwawo. Iye adapirira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu January 2019 adapita ku Lille, m'dziko la France. M'chaka cha mpira cha 2020/21, Lille idatenga ligi ndi mapointi 83, kuposa Paris Saint-Germain, timu ya chuma chambiri, ndi pointi imodzi yokha. Chinsinsi chidali kumbuyo: pa masewero 38, adani adangomwetsa zigoli 23. Reinildo ndiye ankalondera mbali ya kumanzere, ndipo adasankhidwa m'gulu la osewera 11 opambana a ligiyo chaka chimenecho.

Kumapeto kwa January 2022 adagulidwa ndi Atlético de Madrid ya mphunzitsi Diego Simeone, munthu wosafuna masewera pa nkhani yotchinga. Pasadathe miyezi iwiri, timuyo idatulutsa Manchester United m'chikho cha Champions League poigonjetsa 1-0 pakwawo pomwe, Reinildo ali m'bwalo. Tsoka lidamugwera mu February 2023 pamene adavulala kwambiri bondo posewera ndi Real Madrid, nakhala miyezi yambiri osaponda mpira.

Ena adati basi zake zatha. Koma mu January 2024 adali ndi a Mambas ku Côte d'Ivoire pa chikho cha Africa. Tikusewera ndi Ghana, tidali kumbuyo ndi zigoli ziwiri mpaka mphindi 90 zidakwana. Geny Catamo adamwetsa penate, ndipo mphindi zochepa pambuyo pake Reinildo adamwetsa chachiwiri, masewero n'kutha 2-2. Tonse, ife ndi a Ghana, tidatuluka mumpikisano, koma palibe adanyozanso Moçambique tsiku limenelo.

Phunziro loyamba ndi lakuti ulemu suli kwa omwetsa zigoli okha. M'mabwalo athu a pasukulu ndi a patchalitchi mwana aliyense amafuna kutsogolo, ndipo kumbuyo timaikako wotsala kapena wamphamvu zomenya mpira kutali. Uku n'kulakwa. Wotchinga wabwino amadziwa poima, amawerenga maganizo a mdani, amalanda mpira popanda kuthyola mnzake, napereka kwa anzake mwaluso. Mexer, wotchinga wina wa dziko lino, adamwetsa chigoli pamene Rennes idalanda chikho cha France kwa Paris Saint-Germain mu 2019. Anthu awiri amene akweza dzina lathu ku France onse ndi a kumbuyo.

Phunziro lachiwiri likhudza mapepala ndi ndalama. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka m'dziko lina kupita ku lina, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake agawidwe kwa matimu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamazi zimatsata kaundula. Timu ya m'mudzi imene sidalembetse ku bungwe la mpira, ngakhale italera mwana zaka zisanu, singalandire kanthu, chifukwa dzina lake silipezeka paliponse.

Apa ndi pamene ife a m'malire tili pambuyo. Mabanja ambiri adathawira ku Malawi ndi Zambia pa nthawi ya nkhondo, nabwerera mtendere utadza mu 1992, ndipo kufikira lero alipo ana amene makolo awo sadawalembetse ku Registo Civil. Mwana wopanda cédula kapena Bilhete de Identidade sangatsimikize zaka zake, ndipo timu yolongosoka singamulembe, ngakhale luso lake litakhala lotani.

Tisanamizane kuti mwana aliyense adzafika ku Madrid. Reinildo adakulira mumzinda wokhala ndi timu ya ligi yaikulu, pomwe mwana wa ku Domwe kapena Furancungo amasewera opanda nsapato, kutali ndi maso a aphunzitsi a mpira. Komabe njira siili yotsekeka. M'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, União Desportiva do Songo idatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Funso kwa akuluakulu a mpira m'chigawo ndi ili: kodi amafika kangati ku Ulongwe kudzaona mipikisano ya ana asukulu?

Mafunso enawo ndi athu. Makolo, lembetsani ana anu akadali aang'ono, ndipo asasiye sukulu chifukwa cha mpira, pakuti bondo limathyoka tsiku limodzi monga tidaonera. Mafumu, tetezani mabwalo kuti asasanduke minda kapena malo omangapo magolosale. Oyendetsa matimu, lembetsani matimu anu ndi osewera anu. M'mera mpoyamba: Reinildo wina angathe kukhala akuweta ng'ombe kudambo lero lino.