ZA M'BANJA: KUOMBOLA NYUMBA PA CHIKOLE NTHAWI ISANAKWANE



Nyengo ya masika yafika, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo amene analima fodya, soya ndi mtedza ayamba kugwira ndarama m'manja. Chifukwa chache mwezi uno tifuna kulankhula nanu za mtolo umene mabanja ambiri ausenza mwakachetechete, ndiwo ngongole ya nyumba. Kale munthu pofuna nyumba ankadula mitengo ndi nsungwi, nazika, namata, anansi nabwera kudzamthandiza kukweza denga. Mowa wa antchito ukatha, mangawa athanso. Lero ana athu amene ali aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alembi m'matauni ndi pa maboma, ngakhalenso alimi ena a kumudzi, afuna nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo pakuti ndarama zotere sizipezeka tsiku limodzi, apita ku banki kukakongola. Kufuna nyumba yabwino si tchimo ai. Papa Leo XIII, m'kalata yache yotchedwa Rerum Novarum ya chaka cha 1891, anaphunzitsa kuti nkwabwino munthu wa ntchito azisunga pang'ono pa malipiro ache, kuti banja lache likhale ndi malo ache ndi chuma chache. Koma kumbukirani kuti mau akuti kukongola ali ndi matanthauzo awiri. Nyumba ikhoza kukongola pamaso pa odutsa m'njira, mwini wache atakongola ku banki mpaka m'khosi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngongole ya nyumba isiyana ndi ngongole zina pa chinthu chimodzi chachikulu: nyumba yomweyo ndiyo chikole. Banki isunga chikalata cha umwini wa malo, ndipo wokongola akalephera kubweza, banki iri ndi mphamvu pa lamulo yogulitsa nyumbayo kuti ipeze ndarama zache. M'dziko muno ntchito yokongoza ndarama za nyumba inadziwika kwambiri ndi bungwe la New Building Society, limene linayamba mu 1964, nilisanduka NBS Bank mu 2004. Lero mabanki enanso aichita. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linatsegula njira yakuti malo a kumudzi alembetsedwe m'dzina la munthu kapena la banja, tsono nkhani za zikalata ndi zikole zirikusendera pafupi ndi midzi yathu. Nkoyenera kuti tonse tizimvetse bwino, ngakhale amene sanakongole, pakuti nyumba ya mwana ikagulitsidwa m'tauni, adzukulu abwera kudzagona pa mphasa ya agogo ao.

Taonani tsono m'mene ngongole iyi iyendera. Tiifanizire ndi mtengo. Ndarama zimene munthu anatenga ku banki ndizo thunthu. Chiongoladzanja ndicho mphukira zimene thunthu litulutsa mwezi ndi mwezi. Thunthu likakhala lalikulu, mphukira zichuluka, likachepa, zichepanso. Pa ndarama imene munthu apereka mwezi uli wonse, banki iyamba yatenga ya mphukira, ndipo yotsala yokha ndiyo isema thunthu.

Tipereke chitsanzo cha masamu chabe, kuti chinthu chioneke poyera. Tinene kuti banja lakongola K5,000,000, kuti libweze pa zaka 15, ndiyo miyezi 180, ndipo chiongoladzanja ndi K25 pa K100 iri yonse pa chaka. Banja limeneli lidzapereka pafupifupi K106,800 mwezi uli wonse. Mwezi woyamba, pa ndaramayo, zoposa K104,000 zipita ku chiongoladzanja, ndipo thunthu lisemedwa ndi K2,600 yokha. Chaka choyamba chikatha, banja lidzakhala litapereka pafupifupi K1,280,000, koma ngongole idzakhala itatsika ndi K35,000 basi. Apa mpamene anthu ambiri ataya mtima, nati banki yawabera. Sinawabere, umo ndimo m'mene pangano linalembedwera. Ndipo akatsata panganolo kufikira mwezi wotsiriza, adzakhala atapereka zoposa K19,000,000 pa K5,000,000 imene anatenga.

Koma mvetsani bwino chimene tifunitsitsa kuti chikhazikike m'mitima mwanu. Ndarama iri yonse imene muonjeza pamwamba pa ya pangano siipita ku mphukira, pakuti za mwezi umenewo zalipidwa kale; yonse igwera pa thunthu. Banja lomwe lija likaonjeza K10,000 mwezi uli wonse kuyambira pachiyambi, ngongole idzatha pa zaka 9 m'malo mwa zaka 15, ndipo zonse zimene lidzapereka zidzakhala pafupifupi K12,600,000. Ndiko kunena kuti K10,000 ya pa mwezi yapulumutsa zoposa K6,500,000, ndi zaka 6 za kugona tulo tosakoma. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha.

Chinanso ndi ichi: nkhwangwa iyenera kugwa msanga. Banja lija likagulitsa mbeu bwino pa kutha kwa chaka choyamba, nkupereka K250,000 pa thunthu kamodzi kokha, nkupitiriza kulipira monga mwa masiku onse, lidzafupikitsa ngongole ndi miyezi 45. Koma likadikira, nkupereka K250,000 yomweyo patapita zaka 12, lidzafupikitsa ndi miyezi yosakwana 5. Ndarama ndi imodzimodzi, koma yoyambayo yadula mphukira za zaka zambiri zisanaphuke. Mlimi ali yense adziwa kuti kupalira kwa Disembala kuposa kupalira kwa Febuluwale. Ngongole nayo itero.

Ena adzati: kodi si bwino kuchedwa, pakuti kwacha ichepa mphamvu chaka ndi chaka, ndipo ngongole ipepuka yokha? M'mau amenewa muli choona pang'ono. Kwacha inagwetsedwa mu 2012, inagwetsedwanso mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100. Koma ngongole ipepuka kwa munthu yekhayo amene malipiro ache akwera mofanana ndi mitengo ya zinthu, ndipo inu nomwe mudziwa kuti malipiro atsalira m'mbuyo, sopo ndi feteleza zikuthamanga. Kuonjeza apo, chiongoladzanja cha ngongole zambiri za m'mabanki sichikhala pamodzi. Chitsata mlingo umene ukwera ndi kutsika. Mu 2024 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inakweza mlingo wache kufika pa 26 pa 100. Mlingo ukakwera, amene ali ndi thunthu lalikulu ndiye alira kwambiri.

Nanga ya kuonjeza ichokera kuti m'banja la malipiro ochepa? Ichokera m'tizinthu tating'ono timene sitiwerengedwa. Bambo akhale pansi ndi mai, alembe m'kabuku zonse zimene zituluka pa mwezi, osabisa kanthu: ya mowa, ya fodya, ya mayunitsi a lamya, ya juga ya mpira imene yalowerera achinyamata ambiri masiku ano. Mabanja ambiri akatero adzadabwa kupeza kuti K10,000 ija inali m'nyumba mwao momwemo. Dimba la masamba kuseri kwa nyumba lichepetsa za kumsika. Nkhuku ndi mbuzi zithandiza. Chipinda chimodzi chikhoza kukhala ndi wa lendi. Malipiro akakwera, banja lipitirize kukhala monga linkakhalira, ndipo gawo la zokwerazo lipite pa thunthu lisanazolowere kudyedwa. Ndarama za masika nazonso zigawidwe tsiku lomwe zafika, pakuti zikagona m'nyumba zipeza eni ache ambiri.

Tsono pano tiyenera kuchenjeza, pakuti chinthu chabwino chikachitidwa mopanda nzeru chisanduka choipa. Choyamba, musamane ana chakudya, mankhwala kapena sukulu chifukwa cha kufulumira kumaliza ngongole. Nyumba inamangidwira ana. Ana sanabadwire nyumba. Chachiwiri, musakhuthule nkhokwe yonse. Yosefe wa m'Chipangano Chakale anasunga tirigu m'zaka za dzinthu chifukwa anadziwa kuti njala idzafika. Ndarama imene yapita pa thunthu siibwerera m'manja mwanu tsiku la matenda kapena la maliro. Yambani mwasunga zokwanira kulipira banki ndi kudyetsa banja miyezi iwiri kapena itatu, ndipo pambuyo pache muyambe kuonjeza. Mabungwe osunga ndi kukongoza ndarama otchedwa SACCO, amene Eklezia Katolika anathandiza kuwayambitsa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, ndipo anapanga mgwirizano wao wa MUSCCO mu 1980, ndi malo amodzi osungirako nkhokwe yotere.

Chachitatu, ngati muli ndi ngongole ya katapila, imeneyo ithe poyamba, pakuti katapila abala pa mwezi umodzi zimene banki itenga pa chaka chathunthu kapena kuposa. Ndipo musayese konse kukongola kwa katapila kuti mulipire banki. Kumeneko ndiko kuthawa mvula nkugwa m'mtsinje. Eklezia sanena kuti chiongoladzanja chiri chonse ndi kuba. Ku Italy, mu mzinda wa Perugia, a chipani cha Fransisko Woyera analimbikitsa mu 1462 kuti kukhale nyumba yokongoza amphawi ndarama pa chikole, kuti awalanditse kwa odyera anzao masuku pamutu. Ndipo mu 1515 Papa Leo X anavomereza kuti nyumba zotere zizilandira kanthu kochepa kolipirira ntchito yao. Chimene Eklezia akana ndicho kulemera ndi misozi ya mnzako. Mkristu asakhale wa katapila, ndipo asagwe m'manja mwa katapila.

Chachinai, musanapereke ndarama yoonjeza, pitani ku banki mukafunse mafunso awiri. Loyamba: kodi pangano lathu litilola kulipira msanga popanda chindapusa? Pakuti mapangano ena alipiritsa kanthu munthu akamaliza nthawi isanakwane, ndipo muyenera kuwerenga ngati phindu liposa chindapusacho. Lachiwiri: kodi ndarama yoonjeza idzagwera pa thunthu tsiku lomwelo, kapena idzangosungidwa ngati malipiro a mwezi wa mawa? Nenani poyera kuti mufuna igwere pa thunthu, ndi kuti zaka zichepe. Musachite manyazi pamaso pa alembi a ku banki. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Landirani lisiti nthawi zonse, sungani malisiti onse pamalo ouma, ndipo kamodzi pa chaka pemphani pepala loonetsa ngongole yotsala, kuti muone ndi maso anu thunthu likuchepa.

Chachisanu, nkhani iyi ikhale ya anthu awiri. Pa tsiku la ukwati mwamuna ndi mkazi analonjezana pamaso pa Mulungu kukhala amodzi pa mtendere ndi pa mabvuto. Ngongole ya nyumba iri m'kati mwa lonjezo limenelo. Nzomvetsa chisoni kuti mai wamasiye amve za ngongole tsiku limene kalata ya banki yafika, maliro atangotha. Mai adziwe kuchuluka kwa ngongole, tsiku lolipira, ndi pamene pali mapepala. Funsaninso ngati pa ngongoleyo pali inshuwalansi imene imaliza zotsala wokongola akamwalira, ndipo ngati iripo musaileke. Abale a kumudzi nawonso tiwapempha: mwana wanu akanena kuti mwezi uno sangathe kutumiza zambiri chifukwa alikuombola nyumba, musamutche woumira. Zaka zochepa za kupirira zidzampatsa manja omasuka akukuthandizani m'ukalamba wanu. Ndipo iye amene alipira ngongole asaiwale makolo ache pa zofunika zeni zeni, kapena mtulo wa Eklezia, kapena mmphawi wa pakhomo. Kusunga ndarama kusasanduke kuuma mtima.

Tsiku lomaliza likafika, ntchito siinathe kufikira mutatenga kalata ya banki yonena kuti ngongole yatha, mutalandira chikalata cha malo anu, ndipo ku ofesi ya za malo atafafaniza dzina la banki pa malowo. Pamenepo lembaninso mau a chuma cha masiye, kuti nyumba imene munaibvutikira idzakhale ya mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana anu, popanda mikangano. Ndipo ndarama imene munazolowera kupereka ku banki musaimwaze. Tsopano ikhale ya sukulu ya ana ndi ya nkhokwe ya ukalamba.

Potsiriza tipempha banja liri lonse limene liri ndi ngongole ya nyumba kuti mwezi uno, ndarama za masika zisanathe, bambo ndi mai akhale pansi madzulo amodzi, ana atagona, atulutse mapepala a banki, awerenge, napangane kuti adzaonjeza zingati. Ngakhale zichepe chotani, ayambe tsopano. Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, amene anasamala nyumba ya ku Nazareti ndi thukuta la manja ache, akupempherereni kuti mugone m'nyumba zanu ndi mtima wokhazikika. Mulungu adalitse mabanja anu onse.