Mwana akamafunsidwa, mayi khalani chapatali

Anzanga a mumsika, anthu a kafukufuku sasowa. Ku Limbe, ku Ndirande, ngakhale pa Tsoka ku Lilongwe, amafika ndi timakina tojambulira mawu kufuna kucheza ndi achinyamata athu, aja ogulitsa majumbo, madzi ndi mandasi. Ine ntchito yanga ndi yofunsa anthu mafunso, tsono ndikutsineni khutu.

Tiyambe ndi chilolezo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wofufuza ayenera kupempha inu kholo, kenako mwanayo payekha. Inu mukavomera iye n'kukana, nkhani yathera pomwepo. Itanitsaninso kalata yosonyeza kuti kafukufukuyo adaloledwa ndi komiti yoona zotere, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Wopanda kalata azipita.

Koma povuta ndi apa. Mayi avomera, kenako akhala pabenchi pomwepo, khutu lili tcheru, ati kuteteza mwana. Kodi mtsikana wa zaka 15 angaulule pamaso pa mayi ake kuti kasitomala wina amamugwiragwira akamapereka chenje? Ayi ndithu! Angoti "zonse zili bwino," maso ali pansi. Wofufuza wodziwa ntchito amasankha malo oti inu muziwaona koma osamva zokambazo. Osati kuseri kwa shopu, osatinso m'galimoto yotseka magalasi. Ndipo nkhani zina mtsikana amamasuka nazo akamafunsidwa ndi mzimayi.

Funso nalo lili ndi kafunsidwe kake. "Umajomba kusukulu chifukwa cha geni, eti?" Limeneli si funso, ndi mlandu. Ana athu tidawalera kuti wamkulu satsutsidwa, ndiye mwana angoti "eya" kuti zithe msanga. Wanzeru amati, "Tandiuza, dzulo unadzuka nthawi yanji, nanga tsiku linayenda bwanji?" Akatero amatseka pakamwa. Mwana akakhala chete amamusiya, poti akusanja mawu. Ndidaonapo wofunsa wina akudziyankha yekha mwana asanayasamule n'komwe, kwinaku akuthira Chizungu ngati ali pa wailesi. Zimene adalemba tsiku limenelo anali maganizo ake omwe basi.

Dzina la mwana lisalowe mu lipoti, ndipo makina asayatsidwe iye asanalole. Komabe wofufuza woona mtima amaneneratu kuti akamva zoti mwanayo akuchitidwa nkhanza, sabisa, akauza oyenera kuthandiza. Nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, ilipo pa zoterezi.

Nanga ndalama? Mwana akasiya beseni la mandasi kwa ola lathunthu geni yaima, ndiye n'koyenera kumubwezera kangachepe. Zikachulukitsa, amayamba kuyankha zosangalatsa wopereka. Akakulonjezani fizi kapena mpamba, afunseni ngati zalembedwa pa pepala la chilolezo lomwe akufuna musaine.