WAILESI YA SEFULIYA YAYANKHULANSO KWA MWAMBO

Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tikambirana za kufesa mpunga pa nazale, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira. Ndifuna kukuuzani zimene ndaona m'mudzi wina kufupi ndi Jali, pakuti zingathandize ambiri a inu amene muli ndi wailesi yakufa m'nyumba.

M'mudzi umenewo muli gulu la alimi limene limasonkhana patsinde pa mtengo wa mango kumvera nkhani za ulimi ndi za nyengo. Wailesi yao ndi yaing'ono, ya miyala itatu. M'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri kuno, wailesi ija inanyowa. Ataiyanika inayambanso kuyankhula, koma mosasa mau ngati munthu wa chimfine, ndipo mauwo anali kumka nachepa kufikira mwezi wathawu pamene inangoti zii. Mlembi wa gulu anapita nayo kwa wokonza mawailesi wina pa msika. Uyo anaiyang'ana pang'ono nati, "Yatha iyi, kaguleni ina." Koma ndalama zimene zili m'thumba la gulu ndi za mbeu ndi feteleza, ndipo mvula ili pafupi.

Musaichepetse nkhani imeneyi. Inu mudziwa m'mene chizimalupsa chimapusitsira anthu. Munthu aona mvula yagwa tsiku limodzi, athamanga kukabzala, kenaka dzuwa liswa mtengo masabata awiri ndipo mbeu yonse ipserera m'nthaka. A Nthambi yoona za Nyengo amalengeza m'mene mvula ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe, ndiponso amachenjeza pamene kukudza mvula yoopsa. Ife okhala m'chigwa cha Likangala, kumene madzi a ku phiri la Zomba amatsikira popita ku Chilwa, tiyenera kumva machenjezo amenewo msanga kuposa wina aliyense. Mlangizi ndi mmodzi, njinga yake ndi imodzi, midzi ndi yambiri. Wailesi imafika kumene ine sindingafike.

Nditafika kumeneko ndinayamba ndalowetsa timahedifoni ta foni yanga pa kabowo ka wailesi ija, ndipo mau anamveka bwino lomwe. Apo ndinadziwa kuti wailesiyo ili moyo, chimene chafa ndi sipika yokha, ndiye kuti kamwa lake. Nditatsekula ndinapeza sipikayo yadyeka ndi dzimbiri kotero kuti panalibe chokonza.

Tili chikhalire tikudandaula, gogo wina amene amakonda kukhala kumbuyo anati, "Alangizi, kunyumba kwanga kuli wailesi ya malemu bambo anga. Mdzukulu wanga afuna kukaigulitsa kwa osungunula mapoto. Kodi m'menemo simungakhale chimene mufunacho?" Anatuma mwana, ndipo mwanayo anabwera atanyamula chinthu chozungulira, chabuluu, chodzaza mwaye. Ndinali nditamva za wailesi yotere kwa agogo anga, koma kuigwira ndi manja kanali koyamba.

Achinyamata ambiri saidziwa, tsono ndifotokoze pang'ono. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inayamba m'chaka cha 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri, kuti anthu azimva za abale ao amene anapita ku usilikali. Itatha nkhondo inakula nitchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inali kuulutsa mau ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, m'zilankhulo zingapo pamodzi ndi Chinyanja. Bvuto linali lakuti anthu a m'midzi analibe mawailesi. Amene analipo anali a mtengo wapatali, ambiri ofuna magetsi. Bwana Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anayendayenda kwa opanga mawailesi kupempha wailesi yotsika mtengo ndi yolimba, kufikira kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera. Wailesiyo inatuluka m'chaka cha 1949. Thupi lake linali sefuliya weniweni wa aluminiyamu, wa mainchesi 9 m'mimba mwake, wopanda chogwirira, ndipo chifukwa chake inatchedwa Saucepan Special. Mabowo ake anawatseka ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake unali £5, batire lake masheleni 25, ndipo batirelo linali kukhala maola ngati 300. Ndalama zimenezo zinali malipiro a miyezi ingapo kwa munthu wogwira ntchito m'minda ya tiyi kapena ya fodya, choncho pamudzi pakakhala wailesi imodzi anthu onse anali kukhamukira pomwepo madzulo. Gogo uja akumbukira kuti ali mwana anali kumvera nyimbo za Alick Nkhata pakhonde la bambo ake, anthu atadzaza bwalo lonse. Wailesi yathu ya MBC inayamba m'chaka cha 1964.

Ena anandifunsa kuti bwanji osangoidzutsa wailesi yakaleyo yonse. Yankho lake ndi ili. M'kati mwake muli timabotolo 4 totchedwa mavalavu, ndipo timafuna batire la mphamvu ziwiri, mavoti 90 ndi voti imodzi ndi theka. Batire lotere simungalipeze m'sitolo lero. Munthu angathe kulumikiza timabatire 10 ta mavoti 9 kuti apeze 90, koma ndi ndalama zambiri, ndiponso wailesiyo imagwira shortwave yokha, pamene MBC ndi Chanco Community Radio ya ku Zomba timazimvera pa FM. Motero tinagwirizana zotenga kamwa la wailesi yakale ndi kulipatsa wailesi yatsopano.

Sipika ndi chinthu chosabvuta kumvetsa. Kutsogolo kuli pepala lolimba loumbidwa ngati mbale. Pakati pa pepalalo, kumbuyo, amamatapo kachubu kozengedwa waya woonda ngati tsitsi, ndipo kachubuko kamalowa mu mpata wopapatiza wa maginito. Mphamvu yochokera mu wailesi ikadutsa mu wayamo, kachubu kamakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo mofulumira zedi, pepala linjenjemera nilikankha mpweya, ndipo khutu limva mau. Taganizani chikopa cha ng'oma, koma chomenyedwa ndi dzanja losaoneka. Amene anakonza sipika ya mtundu umenewu ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku America, m'chaka cha 1925, ndipo kufikira lero sipika ya mu minibasi kapena ya m'tchalitchi imagwira ntchito momwemo.

Titamasula sefuliya uja tinapeza kuti sefa inabooka kale. Mavu anali atamanga nyumba yao yadothi m'mbali mwa sipika, mphemvu zinali zitadya pepala malo awiri, ndipo panali mng'alu wautali ngati chala cha mkombaphala wochokera m'mphepete kulowa pakati.

Musanataye nthawi kumata, yambani mwayesa ngati waya wa m'kati uli wamoyo. Tengani mwala umodzi wa tochi ndi timawaya tiwiri, mukhudze pa timakutu tiwiri ta sipika kamphindi chabe. Mukamva kuti "kho" ndi kuona pepala likudumpha, sipikayo ingakonzeke. Mukapanda kumva kanthu, yang'anani timawaya tiwiri tofewa tochokera pa timakutu kupita pa pepala, pakuti kawirikawiri timaduka pamenepo, ndipo wokonza mawailesi angathe kutiwotcherera. Koma ngati wapsa ndi waya wa pa kachubu, imeneyo si ntchito ya pamudzi. Yathu inati "kho", ndipo gogo uja anaseka mpaka kutsokomola.

Chachiwiri ndi kuyeretsa. Tinasesa fumbi ndi nthenga ya nkhuku, dothi la mavu tinalikokota pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi. Musathire madzi, ndipo musayanike sipika padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa pepala lakale limapindika niliuma gwa. Kenaka ikani zala zinai mozungulira pakati pa pepala ndi kukankha mofatsa, mofanana mbali zonse. Liyenera kulowa ndi kutuluka mwakachetechete. Lathu linali kumveka kukhwekhwereza. Ichi chitanthauza kuti mu mpata wa maginito mwalowa zinyalala, makamaka tizidutswa ta dzimbiri, timene maginito amatikoka osatitaya. Tinamatula ndi lezala kachivindikiro kakang'ono ka pakati, ndipo tinadula kapepala kowonda, kukapinda ndi selotepi mbali yomata ili kunja, ndi kukalowetsa mu mpatamo mozungulira. Kanatuluka kali bii. Tinachita zimenezi kasanu ndi kamodzi kufikira kukhwekhwereza kunatha. Apa pafunika mtima wodekha kopambana, pakuti mukakanda waya woonda uja ntchito yonse yaonongeka.

Tsono ndiulule kupusa kwanga, kuti inu musakubwereze. Pofuna kufulumira, bowo loyamba la mphemvu ndinalimata ndi supaguluu amene ndimayenda naye m'chikwama cha njinga. Anauma msanga ndithu, koma anauma ngati galasi. Titayesa, munthu akayankhula mu wailesi pamalopo panali kulira ngati bemberezi. Ndinachita kudula malo onsewo ndi lezala, ndipo bowo limene linali ngati njere ya chimanga linasanduka ngati ndalama yachitsulo. Gogo sananene kanthu, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa mau.

Njira yabwino ndi iyi. Pemphani kwa kalipentala guluu woyera wa matabwa, supuni imodzi ikwana, ndipo mumsakanize ndi madzi ofanana naye. Pepala lomatira likhale lopyapyala koma la ulusi wolimba. Ife tinagwiritsa ntchito timatumba ta masamba a tiyi, titakhuthula masambawo ndi kutiumitsa. Musadule ndi sizasi, ng'ambani ndi zala kuti m'mphepete mukhale manyenje, chifukwa motero chigamba chimagwirana bwino ndi pepala lakale. Lumikizani milomo ya mng'alu, pakani guluu ndi nthenga, ikani chigamba kumbuyo ndi china kutsogolo, ndipo musachulutse guluu, pakuti pepala likalemera mau amachepa. M'mphepete mwenimweni, m'mene muli makwinya, ndi malo amene amapindika nthawi zonse sipika ikamalira. Pamenepo tinapaka solushoni womatira machubu a njinga, chifukwa iye akauma amakhalabe wofewa.

Mayi wina anati, "Alangizi, bwanji osaphika phala la chinangwa, monga timamatira mabuku a ana?" Limamata ndithu, mayi, koma mukatero mwaitanira mphemvu ku phwando, ndipo dzinja likafika limachita nkhungu.

Tinabwezera kachivindikiro ka pakati ndi kusiya sipika pamthunzi tsiku lathunthu. M'mawa mwake ndinabweranso. Mu wailesi za mavalavu, pakati pa valavu ndi sipika pamakhala kathiransifoma kakang'ono. Tinamasula mawaya awiri ochokera pamenepo, osakachotsa m'malo mwake, kuti tsiku lina munthu wodziwa akafuna kubwezera zonse monga zinalili adzathe kutero. Kenaka tinatenga mawaya awiri amene anali kupita ku sipika yakufa ya wailesi yaing'ono, kuwaonjezera utali, ndi kuwalumikiza ku sipika yakale ili m'sefuliya mwake momwemo. Pa bowo la kutsogolo tinaikapo sefa yatsopano.

Titatsekula, mau anatuluka okhuthala ndi omveka bwino kuposa m'mene wailesi yaing'ono inali kumvekera ili yatsopano. Chifukwa chake n'chakuti pepala ndi lalikulu, ndiponso sefuliya amathandiza mau monga thupi la ng'oma lithandiza chikopa. Amene anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola la mbuzi, anamva zonse. Mdzukulu uja sanakondwe kwenikweni, pakuti ndalama ya osungunula mapoto yamuphonya, koma ndiye amene tsopano amanyamula wailesiyo kupita nayo ku mtengo wa mango.

Ndichenjeze zinthu ziwiri. Sipika zambiri zakale ndi za ma ohm 3, pamene za mawailesi ang'onoang'ono a lero zimakhala za 4 kapena 8. Choncho yakale imakoka mphamvu yochulukirapo. Musakweze mau mpaka pamapeto, chifukwa miyala idzatha msanga ndipo wailesi ingatenthe. China, zonse ndanenazi ndi za mawailesi a miyala. Wailesi yakale ya magetsi a pakhoma musaitsekule, ingathe kupha munthu ngakhale mutaizula kumene pakhoma.

Gululo lagwirizana kuti wailesi izisungidwa m'thumba la pulasitiki, pa alumali yapamwamba, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo miyala izichotsedwa ikatha misonkhano. Sefuliya akhalabe chuma cha gogo uja, gulu langobwereka, ndipo alemba zimenezo m'buku lao pamaso pa a mfumu.

Ngati m'nyumba mwanu muli wailesi yakale ya Nzeru kapena ya mtundu wina imene inaleka kuyankhula, musafulumire kuipereka kwa ogula zitsulo. Bwerani nayo pa msonkhano wa gulu lanu tsiku limene ndidzafike, ndidzakhala ndi mwala wa tochi ndi guluu woyenera. Sabata ya mawa tidzakambirana za nazale ya mpunga, ndipo a ku sikimu ya Likangala mukhale mutasankha kale mbeu yanu.

Ine wanu,
MLANGIZI