Nyali ya Njinga Yamagetsi Isazime Panjira

Ambiri a ife tikukumbukira nyali ya dainamo, imene inkaŵala tayala likamathamanga ndi kuzirala tikafika pachitunda. Dainamo ija inkapereka mavolti 6 okha, ndipo posankha babu munthu sankavutika. Lero kwadza njinga zoyendera batire, ndipo nyali yake imalandira moto kuchokera m'batire lomwelo limene liyendetsa njinga. Ichi nchokoma, koma chifuna nzeru.

M'dzinja lapitali mphwanga anali kubwerera kumudzi usiku, mvula ili kugwa. Potsetsereka pafupi ndi mlatho nyali inazima mwadzidzidzi, iye nagwera m'ngalande, nathyoka mkono. Titaiona njingayo m'maŵa mwake, tinapeza kuti nyali inalibe chilema. Cholakwa chinali pamfundo. Mawaya anali ongopotana nkukulunga ndi pepala la pulasitiki, madzi naloŵa, dzimbiri nilidya. Tsono taonani: moyo wa mnyamata unalendeŵera pa kamfundo kochepa ngati chala.

Chifukwa chake musanagule nyali, yambani mwaŵerenga zolembedwa pa batire. Mabatire ambiri a njinga zotere ndi a mavolti 36 kapena 48. Koma dziŵani kuti la 36 likadzaza limafika pa 42, ndipo la 48 limafika pa 54.6. Nyali ya mavolti 6 kapena 12 mukailumikiza molunjika ku batire lotere, idzapsa nthaŵi yomweyo. Funani nyali yolembedwa kuti ilandira mavolti opyola pa batire lanu lodzaza, monga zija zolembedwa 6 mpaka 60. Ngati muli nayo kale ya 12, paikidwe kachipangizo kotsitsa mphamvu pakati pa batire ndi nyaliyo. Njinga zina zili ndi waya wakewake wa nyali wochokera ku mota. Umenewu uli ndi malire ake, choncho musaukolekere nyali yaikulu imene suingathe.

Kutsogolo kukhale nyali yoyera, kumbuyo yofiira. Yakutsogolo muiŵeramitse kuti iunike msewu, osati maso a mnzanu wodza kumaso kwanu, pakuti dalaivala wothobwa m'maso ndiye adzakugundani. Mukaona chizindikiro cha IP65 pa nyali, chitanthauza kuti fumbi siliŵa ndipo madzi othovokera saiwononga.

Tsopano za zolumikizira mawaya. Si pulagi iliyonse iyenera pamalo paliponse. Zija zazikulu zachikasu za XT60 ndi XT90 nza moto wambiri wochokera m'batire kunka ku mota. Zing'onozing'ono zakuda za JST sizitchinga madzi, motero malo ake ndi m'kati mwa bokosi. Panja, pamene mvula ndi matope zifika, payenera zozungulira zothina monga za Higo kapena Julet, zimene zili ndi mivi iŵiri yoti iyang'anane poloŵetsa. Mukazikakamiza mivi isanayang'anane, timano take timapindika. Kumbukiraninso kuti mbali ya mabowo ndiyo ikhale ku batire, kuti timano ta moto tisakhale pambalambanda.

Waya wofiira kaŵirikaŵiri ndi wa + ndipo wakuda ndi wa −, koma opanga ena amasintha mitundu. Pimani ndi mita musanalumikize, chifukwa nyali za LED siziyaka mukatembenuza mawaya, ndipo zina zimafa kumene. Mfundo iliyonse iwotcheredwe ndi mtovu, nivekedwe kapaipi kaja kamene kamathina kakamva kutentha. Pa chiwongolero siyani waya wolendeŵera pang'ono, kuti pokhota asaduke, ndipo mummange kuti asakhuzane ndi tayala kapena tcheni.

Chachikulu pa zonse ndi fyuzi. Nyali ya mawati 6 pa batire la mavolti 36 simwa ngakhale theka la ampeya imodzi, choncho fyuzi ya ampeya 1 kapena 2 ikwanira. Muiike pafupi ndi batire. Popanda iyo, mawaya aŵiri akasupuka nagundana, amatentha nayaka, ndipo moto wa batire la lithiamu ndi wovuta kuuzima. Ambiri a ife timagoneka njinga m'nyumba momwe mugona ana. Ganizani bwino.

Inu anyamata, chotsani batire musanagwire waya aliyense, ndipo pamene simudziŵa, pitani kwa mmisiri wa zamagetsi. Akulu anati safunsa anadya phula. Inu makolo, mwana akapempha ndalama ya pulagi yabwino ndi fyuzi, musamkanize. Ndalama imeneyo njochepa poyerekeza ndi miyezi iŵiri imene mphwanga anakhala pakhomo mkono uli m'chikhakha, munda nuchita thengo.

Madzulo ano, dzuŵa lisanaloŵe, yatsani nyali, gwedezani mawaya, tembenuzani chiwongolero uku ndi uku. Ikaphethira, konzani lero lomwe.