Tisamasenzetse ana mtolo wathu wa ku Joni

Amayi anzanga muli kuno ku Joni, ndi inu achibale otisungira ana kumudzi, ndimvereniko.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE. Ndikamuimbira pa WhatsApp ndinkangoti, "Ndikukolopa m'nyumba za eni chifukwa cha iwe, usandichititse manyazi." Mwezi wathawu achemwali anga anandiuza kuti mwanayo sakugona. Akumawerenga mpaka tambala woyamba, kukacha zonse zauluka, nsima kungotsinako. Ndinalira mbale zili m'manja.

Azimayi, mawu amenewa salimbikitsa mwana ayi. Amamusenzetsa ngongole pamwamba pa masamu ndi Biology. Kubwera kuno ndinasankha ndine, osati iyeyo.

Pano ndikaimba ndimayamba ndafunsa ngati wadya. Tinagwirizana kuti aziwerenga ola limodzi n'kupuma, kenako atseke kope anene yekha zomwe wagwira. Loweruka aziyankha mapepala akale a MANEB ndi anzake, wotchi ili pambali. Ikakwana 10 koloko, akagone. Achemwali nawo amuchepetserako ntchito zapakhomo.

Akalephera adzalembanso. Fizi ndidzaipezanso, koma mwana ndili naye mmodzi yemweyu.